Tinkhono ta bwana wa ku Baobab

Ku Hwange, tauni ya mgodi, fumbi la malasha siliodira. Limalowa m'mphuno, m'shuga, ngakhale m'Baibulo. Ine anandilera kuti chinthu chikada uchitsuke, basi. Choncho nditapeza ntchito ya m'nyumba ku Baobab, dera la mabwana, zaka zija buledi ankasowa m'masitolo, ndinkatsuka chilichonse chimene maso anga agwerapo.

Bwana anali mzungu wokalamba, wopuma ntchito ku mgodi. Anali ndi kabati yodzaza mabokosi a machesi, m'bokosi lililonse muli tizigoba ta nkhono za m'nyanja yamchere, tating'ono ngati nyemba, ndi kapepala ka dzina. Ankati tinkhonoto timaboola zigoba za nkhono zina n'kuzidya zamoyo, ndipo iye anatha zaka akutisiyanitsa mitundu: aka mizere yake njotere, aka kukamwa kwake n'kotere. Kwa ine tonse tinali timodzimodzi, komanso takuda bii.

Tsiku lina atapita ku Bulawayo ndinakhuthulira tonse m'beseni limodzi la sopo. Titauma ndinatibwezera m'mabokosi mongotapa, ndikudziyamikira ndekha.

Atabwera anatsegula bokosi loyamba, lachiwiri, nkhope n'kufiira ngati phwetekere. Anatiitana awiri, ine ndi madala osamala maluwa, nkhalamba ya kwathu ku Malawi imene mgodi unaitaya itayamba chifuwa. Iwowa ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba, kwina kopita analibe. Ndiwonso ankamugwirira bwana galasi lokuzira zinthu akamasankha tinkhonoto pakhonde.

"Ndani wagwira izi?" anafunsa bwana m'Chilapalapa, chiyankhulo cha ku mgodi.

Ndinali ndi ana awiri m'chipinda cha lendi ku komboni ya Empumalanga, bambo wawo atathawira ku Joni. Ndinati, "Ine kabati sindiiyandikira, bwana. Amene amazidziwa ndi madalawa."

Madala anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanandiulule. Anangoti, "Bwana, ndipatseni masiku atatu."

Masiku atatuwo anakhala pakhonde, akutsokomola, akutola kamodzikamodzi. Kuwerenga sankadziwa, bokosi lililonse ankalizindikira ndi kuthimbirira kwake. Ine ndinkangowadutsa ndi tsache, ngakhale tiyi osawapatsa, kuopa kuti bwana angatiyese ogwirizana. Ndinkadziuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo ndinene zoona, ndinkadana nawo chifukwa cha kukhala chete kwawoko.

Tsiku lachitatu bwana anatenga buku lake n'kuyendera mabokosi onse. Panalibe kankhono kosokera ngakhale kamodzi. Anatseka bukulo, nati munthu wodziwa chonchi ndiye kuti wakhala akutsegula kabati mwakuba kwa zaka zambiri. Anawauza kuti pofika Loweruka akhale atachoka.

Loweruka m'mawa, madala atanyamula bulangete ndi jumbo ya zovala, anaima pamene ndinkayanika zochapa.

"Mwana wanga," anatero, "chitseko cha kachipindako chimavuta. Uzichinyamula pang'ono pokankha, ana angadzipane zala."

Lamulungu, bwana atalola, ndinasamukiramo.