Mpando wa ndalema wa a Lyford

A Lyford Mwanza atawachotsa ntchito ku Lusaka mu 1993, anabwera ku Palabana, kufupi ndi mzindawo, ndi zinthu ziwiri zimene ankanyadira: njinga ndi kativi kosaonetsa mitundu. Kwawo kunali ku Katete, koma munthu akalawa tauni safuna kuitalikira, ndiye anapeza kamunda n'kuyamba kulima tomato. Magetsi kunalibe. Tiviyo inkayendera batire ya galimoto, imene Loweruka lililonse ankaimangirira panjinga kukaitchajitsa kumsewu waukulu.

Lamlungu masana pankaonetsedwa sewero la banja lina la m'tauni, ndipo anthu akangoweruka kutchalitchi, khonde la a Lyford linkadzaza thothotho. Eni ake ankakhala kutsogolo pampando wa ndalema umene palibe wina ankaukhalira, ngakhale akazi awo a Cecilia. A Lyford sanali munthu woipa mtima ayi. Chofooka chawo chinali chimodzi, kufuna kuti anthu aziti kwa a Mwanza zonse zili bwino.

Mu 1996 mwana wawo Tryness, amene ankasoka zovala ku Lusaka, anabwera atatheratu thupi, akutsokomola, mwamuna wake atamwalira kale. A Lyford anamupezera malo m'kanyumba ka kuseri, mosungira makasu ndi feteleza. Wina akafunsa, ankayankha msanga kuti, "Ni malungo chabe, agona." Anthu ankangovomera, koma kaliwondewonde ankamudziwa, poti zaka zimenezo maliro ake sankasowa.

Ndiye m'sewero muja mtsikana wina, Peace, anayamba kudwala, bambo ake n'kumutsekera m'galaja kuti alendo asamuone. Pakhonde panali chipwirikiti. Amayi ankapukuta misozi ndi zitenje, ndipo a Nchimunya, mayi wamasiye wogulitsa mkaka, anaimirira n'kuloza tivi.

"Uyu mudala ni mfiti! Mwana wobala weka, kumusunga monga mbuzi?"

Anthu atangokhala chete, kuseri kunamveka chifuwa, chachitali chosafuna kutha. A Lyford anakweza mawu a tivi. Palibe anawayang'ana, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri.

Anthu atabalalika, a Cecilia anawapeza akumasula mawaya a batire.

"Atate ake Tryness, mudziwa kuti mwana wanu amamvetsera? Amakokera mphasa pakhomo paja. Onse a m'sewero awadziwa na mawu chabe. Lero anifunsa kuti, amayi, Peace aoneka bwanji, ni woonda monga ine?"

A Lyford ananyamula batire n'kulowa nayo m'nyumba. Mlungu wonsewo anathirira tomato chakudya chosawalowa. Ankaopa kuti akamutulutsa mwanayo anthu athawa ndipo dzina lawo lithera pomwepo. Ankaopanso kuti mwana wawo adzafera pakati pa makasu.

Lamlungu lotsatira khonde litadzaza, analowa kuseri kuja n'kutuluka atamunyamula Tryness m'manja. Anadabwa ndi kupepuka kwake, mtsikana amene kale ankasenza thumba la chimanga yekha. Anamukhazika pampando wa ndalema, namufunditsa bulangeti, iwo n'kukhala panjerwa pambali pake.

Amayi aja amene analirira Peace anayamba kusunthira kumbuyo pang'onopang'ono. Wina anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto. Kulirira wodwala wa m'galasi n'kosavuta, poti satsokomolera munthu. Mlungu winawo khonde linali pululu, kupatula mabanja ochepa ndi a Nchimunya, amene anabwera ndi botolo la mkaka n'kukhala phee pafupi ndi mapazi a wodwalayo.

A Lyford zinawawawa, tisabise. Ankangoyang'ana kunjira. Tryness anawagwira dzanja.

"Alekeni, atate. Apa nionera bwino, kulibe mitu yonichinga."

Bambo aja anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Kuyambira pamenepo batire sinkaphonya Loweruka, kaya kugwe mvula kaya tomato aolere m'munda. Tryness ankakalipira bambo ake a Peace ndi timawu take totsalato, a Lyford n'kumavomereza kuti inde, munthuyo ndi chitsiru.

Tryness anamwalira mvula ili pakati, Lamlungu lina masana, ali pampando womwewo, sewero lisanathe. Pamaliro anthu anabwera ambiri, ngakhale aja a nyemba pamoto. Tivi anaikulunga m'chitenje, ndipo miyezi inapita asanaiyatsenso.

Tsiku lina akugulitsa tomato pamsewu, anakumana ndi a Greenwell, mmodzi wa amene anasiya kubwera. Munthuyo, posowa chonena, anafunsa kuti, "Ba Mwanza, nanga uja Peace anathera bwanji? Anamuchotsa mu galaja?"

A Lyford anapitiriza kuunjika tomato wawo.

"Sinidziwa," anatero. "Wanga sanafere kuseri."