Tsitsi la a Hedi ndi Nyimbo ya Ambulera

A Chipeso akhala akukonza tsitsi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma mu saluni mwawo simunalowepo wotchi. Ine ndinayamba kugwira nawo ntchito mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Ndimatsuka mitu, kuchapa matawulo ndi kusesa tsitsi pansi. Dzina lawo lenileni lilipo, koma msewu wonse umawatchula a Chipeso chifukwa sayenda opanda chipeso chofiira chosomeka kumutu, ngakhale kuchipatala.

Saluniyo ndi chipinda chimodzi cha mipando itatu, galasi long'aluka pakona, ndi beseni kuseri kwa katani. Pamwamba pa shelefu pali wailesi yakale ya kaseti, ndipo kaseti yake ndi ya munthu mmodzi yekha, bambo wina woyimba ndi gitala, wopeka yekha nyimbo zake. Sakuwa, savinitsa. Amangoyimba ngati akukuuzani nkhani pakhonde, koma mawu ake amakutsatirani mpaka kunyumba. Ife timamutcha Alamu. Dzinali linabwera chifukwa amuna awo a Chipeso, omwe ndi dalaivala wa lole, anadandaula tsiku lina pamaso pa makasitomala kuti banja lawo ndi la anthu atatu, ndipo wa gitalayo ndi amene amamveredwa.

Aliyense wobwera pano ali ndi nyimbo yake. A Nesi amakonda ija ya mwana wovala nsapato za bambo ake omwalira, ndipo ikamalira amanamizira kuti mankhwala awalowa m'maso. Amayi ogulitsa nsalu amakonda ya basi imene inasiya mkwati pa siteji, akuti imawakumbutsa mwamuna wawo woyamba, ndipo amaseka mpaka kutsokomola. A Chipeso yawo ndi ya ambulera. Mwamuna anabwereka ambulera kwa mkazi wina tsiku la mvula, ndiye akukaibweza patapita miyezi isanu, n'kuima pakhomo n'kumati: "Ndabweza ambulera yanu dzuwa likuswa mtengo, mvula ndaisiya kwathu, ikugwa m'chipinda mwanga mokha." Nyimbo imathera pomwepo, mkazi asanayankhe. Zaka zonsezi a Chipeso akhala akukangana ndi makasitomala za chimene mkaziyo ananena.

Tsono nyimbozi ndi wotchi yawo. Mankhwala owongola tsitsi si oseweretsa. Akakhalitsa pamutu amawotcha khungu, tsitsi n'kuduka. Pachitini analembapo mphindi zake, koma a Chipeso sawerenga zimenezo. Amagwira tsitsi ndi zala ziwiri n'kunena kuti ili ndi la nyimbo ziwiri, kapena ili ndi la zitatu. Akayamba kupaka amakaniza batani, ndipo nyimbo yomaliza ikangotha mutu umakhala uli kale m'beseni mwanga. Lamulo lina ndi lakuti Alamu sadulidwa pakamwa. Foni ilire, munthu agogode, nyimbo iyambe yatha. Ndi njira imeneyi akuti sanawotchepo munthu, ndipo amanena zimenezi kawiri pa tsiku.

Chaka chatha mwana wawo wamwamuna, makaniko, anapeza mbeta, mwana wa a Hedi a sukulu ya atsikana. A Hedi sanakondwe nazo. Zinatipeza kudzera mwa a Nesi kuti ananena kuti mwana wawo sanamuphunzitse mpaka kukoleji kuti akathere m'banja la zipeso ndi masipanala. A Chipeso anaseka atamva, koma tsiku limenelo anaphika tiyi n'kuiwala kumwa. Ankaopa kuti paukwati akakhala ngati alendo pa mwana wawo yemwe, ndi kuti adzukulu adzakula akuuzidwa kuti agogo enawo ndi a kumsika.

Kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, mtsikana uja anawachonderera mayi ake kuti tsitsi akakonzetse kwathu. A Chipeso anandichapitsa katani, anabisa mpando wothyoka mwendo, ndipo anakana makasitomala onse a m'mawa umenewo. Anandiuza kuti mutu umenewu ukatuluka bwino, a Hedi akadziwa kuti manja nawonso ndi sukulu.

A Hedi anafika nthawi ya teni, anapukuta mpando ndi mpango wawo asanakhale, n'kuyankha moni ndi mawu awiri. A Chipeso anagwira tsitsi lawo n'kulengeza kuti ndi la nyimbo ziwiri, ya nsapato ndi ya ambulera. A Hedi anafunsa ngati mulibe wotchi. Anauzidwa kuti mulibe. Anayang'ana kudenga ngati munthu amene wapeza kalasi yosasesa.

Batani linakanizidwa, kupaka kunayamba. Mwana wanga anali m'tulo kumsana, ine ndikutenthetsa madzi. Nyimbo ya nsapato ili pakati ndinaona pagalasi milomo ya a Hedi ikugwedezeka. A Chipeso nawo anaona, koma anangopitiriza kupaka, akudikira ngati mphaka pa una. Itafika ndime ija mwana amaika nyuzipepala m'nsapato kuti zimukwane, a Hedi anaiwala ulemu wawo n'kuyimba mokweza, mawu onse osaphonya.

Kuchokera apo panalibenso a Hedi ndi a Chipeso, panali atsikana awiri. A Hedi anati woyimbayo anamuonapo maso ndi maso ali kukoleji, mu holo yodontha, atavala jekete lalifupi manja. A Chipeso, omwe sanamuonepo, anafunsa ngati ndi wamtali. Anauzidwa kuti ndi wamfupi ndiponso wadazi, ndipo anati zimenezo ndi nsanje chabe. Kenaka a Hedi anafunsa kuti nyimbo yawo ya pamtima ndi iti, ndipo atamva kuti ndi ya ambulera anawomba m'manja kamodzi.

"Ndiye mukudziwa zimene mkazi uja anayankha?"

"Sanayankhe, mayi. Nyimbo imathera pakhomo."

"Ya pa kaseti yanuyo. Ya mu holo imapitirira. Ndili nayo mu foni."

Ya nsapato inali itangotha. A Chipeso anazimitsa wailesi ndi dzanja lawo, chinthu chimene sindinachionepo, ndipo foni inaikidwa pa shelefu pakati pa mabotolo. M'mutu mwawo nyimbo ya ambulera ndi nyimbo ya ambulera basi, kutalika kwake ndi kumodzi. Sanaganize kuti munthu akakhala pamaso pa anthu amatambasula.

Alamu anayamba ndi kukonza zingwe za gitala. Kenaka anafotokoza za azakhali ake amene anali ndi ambulera yakuda. Anthu a mu holo anaseka, a Hedi anaseka nawo, a Chipeso anakhala pampando wa kasitomala, magolovesi ali m'manja. Ndime yoyamba anaibwereza kawiri chifukwa anthu ankayimba nawo. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma madzi anga anali atazizira ndipo ndinawatenthetsanso. Madzi sazizira pa nyimbo ziwiri.

Ndinayandikira n'kunong'oneza a Chipeso kuti nthawi yapitirira. Anandiyankha osandiyang'ana kuti mwamuna uja sanafike n'komwe pakhomo. Ndinafunsa a Hedi ngati sakumva kuyabwa. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta, chala chikufuna kukanda kuseri kwa khutu, koma anati palibe kanthu. Ndinati tiimitse foni pang'ono, titsuke, tipitirize.

"Iwe mwana," anatero a Hedi, "munthu sadulidwa pakamwa."

A Chipeso anawayang'ana ngati apeza m'bale wawo wotayika.

Ndiye tinadikira. Mwamuna anafika pakhomo, ananena za mvula ya m'chipinda mwake, gitala inazungulira kanthawi, ndipo mkazi anayankha. Anati: "Munabwereka yabwino, mwabweza yong'ambika. Khalani apo muisoke. Singano nayi, koma ulusi ndilibe lero, mubwerenso mawa." A Chipeso anagwira pakamwa ndi golovesi ya mankhwala, mwamwayi kunja kwake kunali kouma. Anati ankadziwa, zaka zonsezi ankadziwa kuti mkazi ameneyo ndi wochenjera. A Hedi anati kudakali ndime ina, ya mawa lakelo, koma anainena ataimirira kale, akuthamangira kubeseni okha.

Ndinatsuka mofatsa monga ndimasambitsira mwana. Kutsogolo kunali bwino. Kumbuyo tsitsi linkangotsalira m'manja mwanga ngati udzu wonyowa. Ndinatseka pampopi kuti lisatseke paipi, n'kuitana a Chipeso ndi maso. Anabwera, anayang'ana, chipeso chofiira chinagwa pansi ndipo sanachitole.

Akanatha kubisa. Akanapesa la kutsogolo n'kuphimba, a Hedi akanakazindikira ali kwawo. Koma anatenga kagalasi kakang'ono n'kuwaonetsa nkhongo yonse. Anati zaka makumi awiri ndi zitatu sanawotchepo munthu, ndipo lero awotcha mayi wa mkwatibwi, anene chilichonse chimene akufuna kunena. Ine ndinaganiza kuti ukwati wathera m'beseni mwanga.

A Hedi anayang'ana nthawi yaitali. Anagwira pamene panali tsitsi, n'kuyang'ana zala zawo. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndinawachenjeza kangati. Ndinati kamodzi iwo, kamodzi a Chipeso.

"Ndiye tagawana pakati, asewele," anatero kwa a Chipeso. "Inu mukanena kuti ndinakana kutsukidwa chifukwa cha nyimbo, kusukulu sindidzalamulanso mwana wa munthu. Ine ndikanena kuti munandiwotcha, muno simudzalowanso mutu. Tengani sizasi."

A Chipeso anadula lonse, lalifupi, mwaluso, akupaka mafuta pamene panapsa. Ali mkati modula anapempha kuti ndime yotsala ija aimve, ndipo anaimvera limodzi, wina sizasi ili m'manja, wina tawulo lili m'khosi.

Paukwati anakhala moyandikana. Aliyense wofunsa za tsitsi, a Hedi ankamuuza kuti analakalaka kale kudula, ndipo ndi a Chipeso okha amene anawadziwa mutu wawo. Aphunzitsi awiri anabwera sabata yotsatira kudzafuna kadulidwe komweko.

Tsitsi linameranso, kupatula malo amodzi kuseri kwa khutu lamanzere, aakulu ngati chivindikiro cha botolo. Pamenepo mpaka lero ndi posalala. A Chipeso okha ndi amene amadziwa kapesedwe kophimba malowo, ndiye a Hedi sangapite ku saluni ina iliyonse. Amabwera Loweruka lililonse lachiwiri, amakhala mpaka masana, ndipo amuna awo amadabwa kuti tsitsi lalifupi chotero limatenga bwanji maola anayi.