Buluku la pa Kaunjika

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi utsi wa simbi ya makala, pakhonde la golosale ina pa Mitundu pamene ankasokera zovala, phazi lawo likupalasa makina pang'onopang'ono, anthu a pamsika akudutsa ndi fumbi lawo. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawalowetsera ulusi m'singano, poti maso anali atayamba kuwavuta.

Nthawi imene zipani zinachuluka, lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku linachotsedwa. Ine, ndili Fomu 2, ndinagula buluku pa kaunjika, koma linali lalikulu. Kunyumba bambo anali atanena kale kuti mwana wawo wamkazi akadzavala zimenezo adzapeze kwina kogona. Ndiye ndinalibisa m'jumbo n'kupita nalo kwa agogo.

"Agogo, mulichepetseko. Ndi la achimwene."

Analitambasula, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mkazi wanga," anatero, monga ankanditchulira mwanthabwala, "mchimwene wako ali ku esiteti ku Nathenje, ndipo ndi wamtali ngati mlongoti. Imirira ndikuyeze."

Akundiyeza ndi tepi, anandiuza za tsiku lina kalelo, nthawi ya chipani chimodzi, pamene anyamata a chipanicho anabweretsa mtsikana wina pakhonde lomwelo chifukwa diresi yake inali yaifupi. Anyamatawo analamula agogo kuti amasule mpendero wa diresiyo, mtsikanayo ataima pomwepo akulira, msika wonse ukuonerera. "Ndinamasuladi. Mwana uja sindinamuonenso pamsika pano."

Kenako anati, "Ine buluku pa munthu wamkazi silindisangalatsa, ndisakunamize. Koma tandiuza, ukulifuniranji?"

Panalibe wamkulu amene anandifunsapo choncho. Ndinawauza mmene siketi inkakodwira m'tcheni cha njinga popita kusukulu, ndiponso kuti ndinkangolifuna basi. Anaseka, n'kutola choko.

Atamaliza anati kumaliro ndi kutchalitchi ndizivala chitenje, ine n'kuvomera. Kenako anavundikira makina dzuwa likadalipo, anavala jekete, n'kundiperekeza kunyumba ndili m'buluku langa. Tinapeza bambo akusankha fodya m'chigafa. Atandiona anaimirira, nkhope itasintha.

"Ndasoka ndine," anatero agogo mofatsa, akukhala pa chitsa. "Ngati msoko wakhota, munene, ndikakonze."

Bambo anayang'ana apongozi awo, anayang'ana pansi, n'kubwerera ku fodya wawo. Anakhala masiku angapo osandiyankhula, koma sanandithamangitse.

Agogo anamwalira asanasinthe maganizo awo pa mabuluku. Lero mwana wanga akabwera ndi zinthu zimene mtima wanga ukukana, ndimamuuza poyera kuti sizikundisangalatsa. Ndikatero ndimamukokera mpando, n'kumufunsa kuti akuzifuniranji.