Mtsikana wa Kuseri kwa Katani

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, achemwali anga sanalire. Anangopita kuseri kwa nyumba n'kukhala pa ndowa yovundikira, atakumbatira gitala ya malemu bambo imene inatsala ndi nsambo zinayi zokha. Kameneka kanali kachiwiri kulephera. Ine ndinkangowasuzumira pazenera.

Ndine munthu wamanyazi kuyambira kale, moti nkhani inoyi ndikuilemba chifukwa pakamwa singatuluke. Koma ndikufuna aliyense amene anagwapo aiwerenge.

Makolo atatisiya tinkakhala ndi azakhali. Azakhali si oipa mtima, kungoti lilime lawo ndi lumo.

"Paja amati ukaipa dziwa nyimbo," anatero madzulo ake. "Nanga ukalephera mayeso udziwe chiyani? Gitala imeneyo tiziiphika?"

 Patapita masabata achemwali anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa mu holo ina imene magulu oyimba amachitiramo zokonzekera. Ntchito yake inali yotola timabotolo, kupukuta fumbi pa masipika ndi kukulunga mawaya amene anthu aponderaponderapo. Oyimba akatuluka kukadya masana, achemwali ankatsamiritsa tsache pakhoma, n'kutenga gitala iliyonse yosiyidwa, n'kumayimba chapansipansi.

Mu holo imeneyo munkabweranso gulu la Ziphaliwali, madala oyimba nyimbo za roko amene anatchuka ife tisanabadwe. Bambo ankawakonda kwambiri. Anatisiyira kaseti yawo imodzi, ndipo achemwali anaphunzira gitala pomvetsera kaseti imeneyo mpaka inayamba kulira ngati mphaka.

Tsiku lina achemwali akuyimba nyimbo ya pa kasetiyo, yonena za munthu wosiyidwa ndi sitima, anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Pamenepo wadumphiranji, mwana iwe?"

Anacheuka. Anali a Zala Khumi, mwini wake nyimboyo, katswiri wa gitala wa gululo.

"Pepani, madala. Kaseti ya bambo inadyedwa pamenepo. Sindidziwa chimene chimabwera."

A Zala Khumi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaonetsa dzanja lawo lamanzere. Nyamakazi inali italipinda, zala ziwiri zokha ndizo zinkayenda bwino. Gawo losowalo sakanatha kuliyimba pa gitala, choncho analiyimba cha m'mphuno, achemwali n'kumawatsatira pa nsambo. Iwo akayimba, mtsikana ayankha. Akakweza, nayenso akweza. Pofika nthawi imene anzawo amabwerako kokadya, mdala uja misozi inali mbwembwembwe.

Nzeru inachokera kwa a Chiphokoso, mtsogoleri wa gululo, amene amayimba pakamwa.

"Anthu amabwera kudzaona Zala Khumi, osati mwana wosesa," anatero. "Iwe uziyimbira kuseri. Mdalayu aziyendetsa zala kutsogolo. Ukaulula, tsache lako lija likukudikira."

Mmene ankachitira ndi mmenemu. Kumbuyo kwa nsanja ankapachika katani yakuda. Kuseri kwake, pakati pa mabokosi a zida, ankaikako kampando. Pa kataniyo anabowola kabowo kokwana diso. Waya wa gitala ya achemwali ndiye ankalowa mu sipika. Waya wa a Zala Khumi unkangolowa pansi pa kapeti n'kuthera pomwepo, osalumikizidwa kulikonse.

Lamulo linali limodzi: diso pa dzanja la mdala. Dzanja likakwera, nyimbo ikwere. Likaima, nyimbo iime.

"Ndipo osatsinzina," a Chiphokoso ankabwereza tsiku lililonse. "Ndakuona iwe, nyimbo ikakoma umatsinzina ngati mwana akuyamwa."

Zinali zoona. Achemwali amatsinzina kuyambira ali wamng'ono.

Agululo anawapatsa dzina loti Mthunzi. Achemwali anaphunzira nyimbo zonse mpaka nsonga za zala zinachita zikang'a. Anaphunziranso zolakwitsa za mdalayo, malo amene amachedwa pang'ono, malo amene amagwedeza nsambo ngati munthu wozizidwa. Anayenda nawo m'maholo ambiri, ndipo kulikonse anthu ankakuwa kuti madala sakalamba. Achemwali ankamva m'manja monsemo ali kuseri, thukuta lili kamukamu, pamodzi ndi akangaude.

Kunyumba azakhali sankakhulupirira. "Ukuti umayenda ndi oyimba? Bwanji pa zithunzi zawo sitikuonapo? Kapena ndiwe amene umagwira kamera?"

Chinsinsi achemwali anauza ine ndekha. Ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka.

"Zimapweteka," anatero. "Koma kuseri kwa katani kuli bwino kuposa kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndikuyimba."

Koma manong'onong'o anayamba. Ena ankati madalawo amangoika nyimbo yojambula kale n'kumagwedeza mitu. Ena ankati dzanja lopindika chonchija silingathamange choncho. Gululo linali ndi chinthu chimodzi chokha chimene linatsala nacho, dzina, ndipo ntchito ya achemwali inali yomangirira pa dzina lomwelo. Likagwa, onse agwa.

Ndiye linafika tsiku la phwando lalikulu la nyimbo pa bwalo la mpira, masana dzuwa lili phwee. Achemwali anandilowetsa, ndipo ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Kunali anthu, abale! Azibambo a imvi atavala malaya akuda, azimayi atanyamula zidzukulu, anyamata atakweza mafoni m'mwamba. Ng'oma zitayamba, pansi pankanjenjemera mpaka m'mano.

Atafika pa nyimbo ya sitima ija, bwalo lonse linadumpha. Gitala inalira, inakwera, inafika pa gawo lija limene linadyedwa pa kaseti ya bambo. Ine tsitsi linandiimirira.

Pomwepo dzanja la a Zala Khumi linauma ndi nyamakazi ija. Zala zinapindikira m'kati. Mdala anasiya gitala ikulendewera pakhosi n'kugwira dzanja lodwalalo ndi linzake. Manja onse awiri anali poyera, kutali ndi nsambo.

Koma gitala inkalirabe. Ndipo inkalira mokoma kuposa kale lonse.

Ndinadziwa nthawi yomweyo. Achemwali atsinzina.

Anthu anayamba ayang'anana. Kenako bambo wina wa chipewa chofiira, pafupi nane, anakuwa.

"Akuba inu! Mwatiikira kaseti!"

"Bodza! Bodza! Bodza!" bwalo lonse linalandira. Timabotolo ta madzi tinayamba kuuluka. Woyimba ng'oma anaima. Gitala ija inapitirira yokha pang'ono, kenako inaduka mwadzidzidzi ngati munthu wotsamwa.

A Chiphokoso anagwira maikolofoni. "Abale, ndi kavuto chabe ka zipangizo..."

"Zipangizo zimayimba zokha? Ndiye mutipatse zipangizozo, inu muzipita!"

Achemwali anadzandiuza pambuyo pake kuti panthawiyi anali atatula kale gitala, akuyang'ana chitseko chakumbuyo. Mumtima ankati: ndalepheranso kachitatu.

Koma a Zala Khumi anawerama n'kugwira waya wawo. Anayamba kuukoka pansi pa kapeti. Anakoka, anakoka, mpaka nsonga yake inatulukira. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aione kuti sinalumikizidwe kulikonse. Phokoso linatsika.

"Mwaona bwino," anatero pa maikolofoni. "Ine dzanja linandikana kalekale, koma ndinkaopa kukuuzani. Ndinkaopa kuti mundiiwala. Ndakunamizani, ndipo ndikupepesa. Koma kunena kuti ndi kaseti, pamenepo ndiye mwalakwira munthu."

A Chiphokoso anawagwira malaya. "Mkulu, mukutiphetsa!"

"Tafa kale, iwe. Tandisiya."

Anapita kumbuyo n'kukoka katani ija ndi dzanja labwinolo. Katani inagwa yonse, fumbi kobo! Ndipo apo panali achemwali anga, ataima pakati pa mabokosi, atavala masilipasi, kangaude ali m'tsitsi, maso ali tong'o.

"Uyu ndi Mthunzi," anatero mdala. "Zimene mwakhala mukuombera m'manja ndi zala zake."

"Tidziwa bwanji?" anakuwanso wa chipewa chofiira uja. "Mwina nayenso ndi chidole!"

"Inu a chipewa, poti pakhosi panu n'potseguka, tayimbani chilichonse chimene mukufuna."

Anamupatsira maikolofoni. Bamboyo anayimba kanyimbo kosadziwika mutu wake, mawu ake ngati chitseko cha dzimbiri. Achemwali anatola gitala. Anabweza kanyimboko ndendende, pamodzi ndi pamene bamboyo anaphonya, pamodzi ndi pamene mawu anamuthyokera. Bwalo linaphulika ndi chiseko. Mwini wake anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso.

Kenako a Zala Khumi anayamba kuyimba cha m'mphuno, monga tsiku lija mu holo. Iwo akayimba, mtsikana ayankha. Akakweza, nayenso akweza. Anthu anayamba kuomba m'manja motsatira.

Zimene zinachitika kenako sindidzaziiwala. Achemwali, munthu amene sanaimepo pamaso pa gulu, anayenda mpaka kutsogolo, anatola nsonga ya waya wa mdala uja n'kuilowetsa mu sipika.

"Madala, zala ziwiri zija zikugwirabe ntchito," anatero. Maikolofoni inawatola, bwalo lonse linamva. "Inu gwirani pansi, ine ndikwera pamwamba."

Mdala anayang'ana dzanja lake. Anakanda nsambo kamodzi. Mawu anatuluka okhakhala, olemera, osasalala ngakhale pang'ono, koma anali ake. Ng'oma zinalowa. A Chiphokoso anapukusa mutu, n'kuseka, n'kuyamba kuyimba. Ndipo achemwali anatsinzina, ulendo uno popanda wowaletsa.

Ine amene m'kalasi sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa, ndinapezeka ndakwera pa chitsulo cha mpanda ndikukuwa, "Ndi achemwali anga amenewo! Achemwali anga!" Wa chipewa chofiira ndi amene anandigwira miyendo kuti ndisagwe.

Sindikunamizani kuti onse anakhululuka. Ena anatuluka ali okwiya, ndipo ena mpaka lero amati gulu lenileni linatha kale. Ali ndi ufulu wotero, poti ananamizidwadi. Koma ambiri anatsala mpaka nyimbo yomaliza, ndipo gululo likuyimbabe. Katani ija anaipinda, pano amafunditsira masipika mvula ikamagwa. A Zala Khumi amayimba zimene zala zawo zingathe, ndipo asanayambe amatchula aliyense amene ali pa nsanja, ndi chimene akuyimba.

Chithunzi chatsopano cha gululo chitatuluka, azakhali anachimata pabalaza. Mlendo aliyense amamuimika pamenepo. "Mwana wa achimwene anga uyu. Ine ndinkadziwa kuyambira kale." Ife timangoyang'anana. Gitala ya bambo ija azakhali anakaigulira okha nsambo ziwiri zosowazo.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi ali kuseri kwa katani yake. Ntchito ukugwira ndiwe, m'manja akuombera ena. Kapena wakhala pa ndowa kuseri kwa nyumba, mayeso atakukana. Achemwali anga sanadziwe tsiku limene katani idzagwe. Chimene anachita n'choti tsiku lililonse ankayimba ngati bwalo lonse likuwaona, ndipo itagwa inawapeza ali okonzeka.

Nawenso gwira nsambo zako, ngakhale zitatsala zinayi. Usataye mtima, mbale wanga. Katani ndi nsalu chabe.