Maliro a Amayi Amene Sindinalire

Zinayamba ndi kuyetsemula. Munali mu 1953, patangopita miyezi iwiri nditabereka mwana wachisanu. Ndinali kuwamba milamba ku Kachulu, utsi n'kundilowa m'mphuno. Nditayetsemula ndinamva kutentha kukutsika m'ntchafu. Ndinati ndi za uchembere, zitha zokha. Sizinathe. Ndikatsokomola, mkodzo. Ndikasenza mtsuko, mkodzo. Ndikaseka, chimodzimodzi, mpaka ndinasiya kuseka, ine amene dooko lonse linkandidziwa ndi phwete langa.

Amene ankadziwa anali amayi okha. Iwo ndiwo ankandichapira sanza zomwe ndinkavala m'kati, n'kuziyanika m'nyumba mwawo kuti anthu aziyesa n'zawo. Anandiuza kangapo kuti ndipite kuchipatala, koma ine kuvulira mwamuna wachilendo ndinkaona ngati bola kufa. Mizu ndinamwa mpaka lilime kuda, koma osathandiza.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira mu 1955. Mwana wamkazi wamkulu ndinali ine, choncho malo anga anali kumutu kwa maliro. Nditangokuwa kuti "Mayi ine!" mphasa inanyowa. Azimayi amene anali pambali panga anasendeza miyendo mwakachetechete. Ndinatseka pakamwa, osatsegulanso mpaka kuika. Misozi inkatsika ndithu, koma kwathu kuno misozi yopanda mawu saiwerengera. Pobwera kumanda manong'onong'o anali atayamba kale akuti ndadya amayi anga. Ana a eni anasiya kulandira chakudya m'manja mwanga. Zinandiwawa kuposa matendawo.

Chaka chotsatira amuna anga, omwe tsopano ndinali nditawaululira, ananditenga panjinga kupita kuchipatala cha mishoni. Tinadikira masabata angapo dokotala wa matenda a azimayi, tikugona pakhonde. Atandiyeza, namwino anandimasulira: "Mayi, njira ya mkodzo yafooka, yagwera pansi. Adokotala adula kamnofu kolimba m'mimba mwanu momwemo, n'kuikoleka njirayo ngati mwana m'mbereko."

Opaleshoni itatha ndinatsitsimuka ndikusanza, kapaipi ka labala kotulutsira mkodzo kakutsikira m'botolo pansi pa bedi. M'mawa uliwonse namwino ankadzaona botololo ndi kutsuka bala. Atachotsa kapaipi mkodzo unakana kutuluka, ndipo ndinachita mantha kuti andimanga mpaka kalekale. Anakabwezera masiku ena, kenako unayamba kubwera pang'onopang'ono. Tsiku lotuluka dokotala anandiimiritsa n'kunena kuti, "Tsokomolani." Ndinatsokomola. Pansi panali pouma. Anandiletsa kusinja, kusenza ndi kugona ndi amuna anga kwa miyezi itatu.

Maliro oyamba amene ndinapita nditachira anali a nkhalamba ina yoluka miono yogwirira nsomba, yomwe sitinali nayo chibale chilichonse. Ndinakhala pakhomo penipeni kuti zikavuta ndithawe. Nyimbo itayamba ndinayesa mawu pang'ono, n'kudzigwira nsalu. Youma. Basi pamenepo ndinamasuka. Ndinalira amayi anga, kuwaitana ndi mfunda wawo, kuwauza za sanza zija, mpaka mawu anasasa. Azimayi amene anasendeza miyendo aja ndiwo anandigwira mapewa. Palibe anandifunsa kanthu, ndipo nkhani ya ufiti inazilala kuyambira pamenepo.

Mbereko ya m'mimbayi inandisunga wouma mpaka zidzukulu zanga zinayamba kukwatiwa. Lero ndakalamba. Pokodza ndimachedwa, ndimachita kuweramira kutsogolo, ndipo chifuwa chikandigwira timadontho timabwera. Chipsera chimayabwa mvula ikamayandikira. Zimenezi sindidandaula nazo, ndimalima ndiponso ndimaseka. Chimene sichinachire ndi ichi: ndikalowa m'nyumba ya maliro n'kuona mphasa ya kumutu, ndimawaona amayi atagona pomwepo, akudikirabe mawu anga.

Inu azimayi anzanga, mukaona nsalu ikunyowa poyetsemula kapena ponyamula katundu, musati ndi mmene uchembere umakhalira. Si ufiti, si tsoka la m'banja, ndi matenda ndipo amathandizika. Pitani msanga, manyazi sapha koma amalanda zambiri. Ine ndinachedwa zaka zitatu, ndipo dokotala anandibwezera zonse kupatula tsiku limodzi. Amayi ako suwaika kawiri.