Timapepala Timene Bambo Anaumitsa

Mayi anga anadwala shuga zaka zambiri. Tinkakhala m'komboni ya pa esiteti ya tiyi ku Honde, kumene agogo anafikira atachoka ku Mulanje, ndipo bambo ankayendetsa makina oumitsira tiyi m'fakitale. Ine ndinali ku Mutare, kutsuka mabotolo ndi kusakaniza mankhwala mu labu ya pakoleji ina.

Chaka chimene m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, kukiliniki kunathanso zoyezera shuga. Ndinawoloka malire kupita ku Chimoio, n'kubwerako ndi mapiritsi ndi kabotolo ka timapepala toviika mumkodzo. Shuga akakwera, kansonga kobiriwira ka kapepalako kamasanduka kofiirira. Nditafika nazo kunyumba, bambo ataona anaseka.

"Ameneyu ndi tiyi basi," anatero. "Tsamba ukalidula limatero kumene."

Sananame. Pakansongapo pamakhala enzayimu, kanthu kosaoneka kochokera ku zamoyo, kamene kakakumana ndi shuga kamayambitsa kusintha kwa mtundu. Mutsamba la tiyi mulinso kachibale kake. Kuti enzayimu isakokoloke, amaimangirira papepala ndi mankhwala. Ku labu tinkaonetsa ophunzira zimenezi ndi mankhwala omangirira otchedwa glutaradehaidi. Ukathira wochepa, enzayimu imapita ndi madzi. Ukachulutsa, imamangika paliponse n'kulephera kugwira ntchito. Zili ngati mbuzi: umaimanga mwendo, pakamwa n'kupasiya kuti idye. Pobwerera ku Mutare ndinawatsindikira bambo kuti timapepalato tisanyowe.

Kenako mabasi anasowa, ndipo ndinatha miyezi osapita kumudzi. Mvula ili mkati, munthu wina wa kukomboni anandipeza m'tauni ndi uthenga wakuti mayi achira, shuga watheratu. Ndinadziwa kuti shuga sathawa choncho. Ndinakwera lole ya nthochi yobwerera yopanda katundu.

Nditawaona pakhonde ndinachita kakasi. Mayi anga, amene ankadzaza khomo, chitenje chinkawazungulira n'kutsalako. Milomo inali yong'ambika, ndipo pambali pawo panali ndowa ya madzi ndi kapu. Koma nkhope inali yowala ndi chimwemwe.

"Mwanangu, Mulungu ndi wamkulu," anatero. "Amayi a kutchalitchi anapemphera, tiyi wa masamba a zumbani ndikumwa tsiku lililonse. Kapepala kako sikasinthanso."

"Nanga mapiritsi, Mhai?"

"Ndinapatsa mnzanga wa kuseriku. Iye ndiye akudwala."

Ndinapita kubafa, kuseri kwa nyumba. Nyerere zinali zitaunjikana bii pamene mayi ankakodza. Shuga anali adakali wambiri mumkodzomo.

Ndinatenga nthochi yakupsa kwambiri, ndinaifinyira m'madzi, n'kuviikamo kapepala. Nthochi yotere ili ndi shuga yemweyo amene enzayimuyo imafuna. Kapepala kanangokhala kobiriwira. Ndinaviika kena, kenanso. Tonse tinali takufa.

Bambo anabwera masana chifukwa magetsi anali atathima kufakitale. Anandipeza nditayala timapepala pambale.

"Baba, kabotolo aka munakasunga kuti?"

"Pamwamba pa kabati, pouma," anayankha monyadira. "Nkhungu itachuluka tinachita chinyezi, tinkamatirirana. Iwe unati tisanyowe. Ndiye ndinapita nato kubasa, kufakitale, ndinatiyala pachitsulo cha makina anga mpaka tinauma gwa. Mvula ikakula ndimabwereza. Palibe kamene kanapserera, ndinkayang'anira ndekha."

Munthu ameneyu moyo wake wonse anauthera pa kuumitsa. Kwathu machesi, mchere, ngakhale Baibulo, zikachita chinyezi zinkapita kufakitale m'thumba la ovolosi n'kubwera zili bwino. Anachita chimene manja awo ankadziwa, ndipo anachita chifukwa chokonda mkazi wawo. Ndinakwiya, koma sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Mawu a kusukulu sakanathandiza. Ndinawafunsa za ntchito yawo.

"Baba, tiyi akafiira n'kufika pamene mukufuna, mumatani kuti asapitirire?"

"Timamulowetsa pamoto."

"Akatuluka pamoto, angasinthenso mtundu?"

"Ayi. Moto umapha kamene kamamusintha."

Anayankha mwachangu ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho, kenako anaima pomwepo. Anayang'ana timapepala pambale, anayang'ana mayi pakhonde akumwanso madzi. Ndinaona nkhope ya bambo anga ikugwa, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anakhala pansi pa simenti yonyowa, ovolosi ali chivalire.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi..." anatero, osamaliza.

Mayi ndiwo anakana kwambiri zopita kuchipatala. Anati ndabwera ndi kusakhulupirira kwa m'tauni, ndipo iwo anapereka kale umboni m'tchalitchi pamaso pa anthu. Bambo sanatsutsane nawo. Anabwereka wilibala, anayalamo bulangete, n'kuwanyamula okha mpaka kumsewu, kumene tinadikira thirakitala ya pa esiteti. Ku chipatala cha mishoni namwino atayeza magazi anatiyang'ana tonse awiri, n'kufunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi.

Mayi anapulumuka, koma maso awo sanabwererenso mwakale. Dokotala anati shuga anali atayamba kale kuwadya, miyezi imeneyo inangofulumizitsa. Bambo anamva gawo lachiwiri lokha. Mayi sanawanene ngakhale kamodzi, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo ndiye zinkawapweteka kwambiri.

Ndinapezanso kabotolo kena. Kankakhala m'chitini chotseka bwino, kutali ndi moto uliwonse, ndipo bambo sankakhulupirira kabotolo katsopano asanayese kapepala kamodzi m'madzi a nthochi. M'mawa uliwonse, asanapite kubasa, ankaviika kapepala n'kuima nako pakhomo pamene pali kuwala. Mayi sankathanso kusiyanitsa chobiriwira ndi chofiirira, ndiye ankafunsa ali pamphasa.

"Kali bwanji lero, bambo a ana?"

Kakafiira, bambo ankanena mopanda kuchedwa. Koma kakakhala kobiriwira, tsiku limene munthu amayenera kusangalala, ankakayang'anitsitsa nthawi yaitali asanayankhe.