Machila a Bambo ku Kaning'ina

Bambo anga, a Hudson Mkandawire, anali mlonda wa nkhalango ya Kaning'ina zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinawaonepo atakhala pansi n'kumaliza kapu ya tiyi. Manja awo ankangoyabwa.

Poyendera malire a nkhalango ankagona m'tchire momwemo, pa machila omangirira pamitengo iwiri. Poyamba inali lona ndi zingwe ziwiri basi. Linthumbwi litawapeza kudzera pachingwe, anaboola zitini, n'kupisamo zingwezo, n'kumathiramo phulusa. Mvula ya ku Mzuzu itawanyowetsa, anawonjezera denga ndi zikhomo zake. Kenako neti, mbedza zokolowekapo nsapato, mphira wa njinga woti zingwe zisamadye khungwa la mtengo. Anzawo akawaona ankafunsa kuti akusamukira kuti.

Mu 1978 kunabwera bwana watsopano. Analamula kuti mlonda aliyense azizungulira gawo lake m'masiku awiri, wolephera akapume kwawo. Bambo zinkawatengera masiku atatu, poti kumasula ndi kulongedza kokha kunkadya m'mawa wonse. Ine ndinali Fomu 2, ndipo sukulu yanga inkadalira ntchito imeneyo.

Loweruka bambo anayala zonse pabwalo kwathu ku Masasa. Achotse zitini, abwezere. Achotse neti, azungulire nyumba, abwezere.

"Awiske Marjorie, tengani lona na zingwe, mbwenu," anatero amayi, akuwaitana ndi dzina langa monga tichitira m'Chitumbuka. "Ganizirani mwanayu."

"Anyina Marjorie, inu linthumbwi simulidziwa. Chilichonse apa n'chofunika chomene."

Lolemba ananyamuka chikwama chitapepukadi, amayi n'kupumira m'mwamba. Masana ndikusesa, ndinapeza kuseri kwa chitseko zimene anasiya: ufa, usipa ndi kapoto. Ndinakwiya mpaka misozi. Munthu wamkulu kusiya chakudya n'kunyamula mbedza za nsapato!

Anatulukira Lachitatu dzuwa litapendeka, njala itawapweteka, katundu yense ali gwa kumsana. Sabata isanathe kalata yowapumitsa inafika.

Teremu yotsatira sindinabwerere kusukulu. M'mawa womwe anzanga ankadutsa ndi yunifolomu, ine ndinatuluka ndi ndowa kupita kumpopi. Bambo anali pakhonde, machila ali pamwendo, akusokererapo kathumba kena. Atamva phazi langa singano inaima. Koma sanakweze mutu mpaka ndinatuluka pageti.